Kusudzulidwa kwa a Vitalis

Aliyense amene anaphulitsapo tayala la njinga pa Mbulumbuzi amawadziwa a Vitalis. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, beseni la madzi oyesera machubu lili pambali, manja ali bii ndi girisi. Ine ndimakazinga zitumbuwa pomwepo, ndiye zaka zonsezo madandaulo awo ankathera m'makutu mwanga, ndifune ndisafune.

Kwawo ndi ku Mauwa. Kuno anabwera chikamwini atakwatira Eluby, mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Anaumba njerwa okha, namanga nyumba pamalo a akuchikazi, nkumalima munda wa akuchikazi womwewo. Mulungu anawapatsa ana awiri, Fortune ndi mlongo wake Patricia, amene anabadwa mochedwa anthu atayamba kale kunong'onezana.

Sindinaonepo bambo wodandaula za ana ake ngati ameneyu. Kukangocha, asanatsegule ndi bokosi la masipanala lomwe, mlandu unali utayamba. Lero Fortune wadula chubu chatsopano cha kasitomala kupangira legeni. Mawa wazula masipoko kupangira galimoto ya mawaya. Patricia naye sankadya pokhapokha atakhala pamiyendo pa bambo ake, dzanja lili m'kapu yawo ya tiyi. Lamulungu ankadikira kuti ansembe ayambe ulaliki nkuyamba kulira, ndipo sankatonthola m'manja mwa wina aliyense. Choncho a Vitalis Misa ankaimvera pawindo, akuzungulirazungulira panja ndi mwana paphewa.

Eluby anali ndi chizolowezi chake. Asanadye chakudya chamadzulo, aliyense m'nyumbamo ankayenera kutchula chinthu chimodzi chothokozera Mulungu pa tsikulo. Iye mwini anandiuza akuseka kuti amuna ake yankho lawo linali limodzi chaka chonse, kuthokoza kuti tsiku latha. Ine zoterezi sizinkandiseketsa. Ana anga awiri ali ku Joni, ndipo foni amaimba ngati akulipira ndi magazi. Ndinkawauza a Vitalis pamaso kuti akuseweretsa madalitso, iwo nkumati ndiwabwereke anawo sabata imodzi ndione ngati sindiwabweza Lachiwiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, nthawi yothyola nandolo, Eluby anagwa kumunda akudandaula mutu. Anamuthamangira naye kuchipatala pa njinga yomweyo ya amuna ake, koma sabatayo isanathe tinali tikuimba nyimbo za maliro pakhomo pawo.

Maliro atatha a Vitalis anabwerera pansi pa mango, Patricia ali kumbuyo m'chitenje cha malemu mayi ake. Kumanga chitenjecho sankadziwa, mfundo inkathera pakhosi, ndipo anyamata a kabaza ankawaseka. Ndinawaphunzitsa ndine. Anaphunziranso kupesa tsitsi la mwana, kuchapa yunifolomu Loweruka, kupempha ndiwo kwa anansi popanda manyazi. Kudandaula sanasiye ayi, koma tsopano ankadandaula akupukuta mamina a mwana ndi malaya awo.

Tonse tinkadziwa chimene chikubwera, ngakhale panalibe wochitchula. Kuno kwathu mkazi akamwalira, mkamwini sakhalitsa pamudzi. Pakapita miyezi akuchikazi amaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri nkumusudzula, ndiye kuti kumumasula abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ana sapita naye, ndi a mbumba ya mayi awo. Mwinimbumba anali a Gladson, mlongo wake wa Eluby, ndipo anali atakonza kale zonse. Fortune akhala ndi iwo pamudzipo. Patricia amutenga Bernadetta, mng'ono wake wa malemu, amene amakhala ku Bangwe.

Ndisawanamizire a Gladson, si munthu woipa. A Vitalis atapita kukawapempha, atatengana ndi atcheya a mphakati wathu wa kutchalitchi, anawalandira bwino nkuwayalira mkeka. A Vitalis anapempha kuti awasiye m'nyumbamo alere ana, nalumbira kuti sadzakwatiranso.

"Alamu, sitikukuthamangitsani," anatero a Gladson. "Koma mawu amenewo anena kale amuna ambiri pamudzi pano. Mvula ikagwa kawiri mudzafuna wokuphikirani. Ndiye ana a mlongo wanga azidzadya mkute m'nyumba ya mayi awo?"

Nditamva zimenezi ndinapsa mtima mpaka kupsereza zitumbuwa. Ndinawauza a Vitalis kuti masiku ano kuli makhoti, apite akawatenge ana awo basi. Anangopitiriza kupala chubu, osadzutsa mutu. Kenako anandifunsa kuti akawatenga akawaika pati, popeza ku Mauwa munda ndi wa ana a alongo awo. Anati akakangana ndi atsibweni a anawo lero, mawa iwo akafa, Fortune ndi Patricia adzakhala opanda kwawo mbali zonse ziwiri. Mpaka lero zimandipweteka kuti ankanena zoona.

Tsiku losudzula ndinapita kukathandiza kuphika. Ankhoswe analankhula zawo, kuyamikira kuti mkamwiniyu sanatukwanepo munthu pamudzi, anadwazika mkazi wake ndi kumuika mwaulemu. Kenako anatulutsa katundu amene anagwirizana kuti apite naye: zovala zawo, bulangete, khasu limodzi, njinga ndi bokosi la masipanala. Nyumba imene anaumbira njerwa inatsalira ana. Pomaliza atcheya a mphakati, kaya mwachifundo kaya mosaganiza, anapempha a Vitalis kuti atseke ndi pemphero.

Anaimirira. Atayamba kupemphera, mawu awo anali ngati a munthu wina.

"Ambuye, mkazi wanga ankandiuza kuti ndizikuthokozani, ine nkumachita mwano. Ndiye lero ndabwera mochedwa. Zikomo chifukwa cha chubu chija anadula Fortune. Ndinamukwapula, koma legeni yake inali yokongola, sindinamuuze. Zikomo chifukwa cha Misa zonse ndinamvera pawindo. Ndinkayesa mukundilanga, osadziwa kuti mukundipatsa nthawi yomunyamula mwanayu. Kumene akupitako, akalira, pasasowe womutulutsa panja."

Apo mawu anawathera, Amen tinachita kuwanenera. Amayi ambiri anali akulira, ine ndemwe. A Gladson anagwira kumaso ndi chipewa, ndipo ndinaganiza kuti mwina mtima wawo watembenuka. Anangoimirira, nawagwira a Vitalis dzanja ndi manja awiri, nkuwauza kuti pakhomopo ndi pawo, azibwera kudzaona ana. Zogawana zija sizinasinthe.

M'mawa mwake Fortune sanaoneke. Anakabisala m'munda kuti asatsanzikane ndi bambo ake, ndipo a Vitalis analetsa anthu kumusaka. Anavala malaya awo oyera a kutchalitchi, nanyamula Patricia kuperekeza Bernadetta kusiteji. Ine ndinkaona zonse ndili pa chiwaya changa.

Minibasi inachedwa kudzaza. Bernadetta anakhala mkati kusunga mpando, a Vitalis akuyendayenda panja ndi mwana, kumuonetsa mbuzi ndi magalimoto odutsa. Mwanayo anali asanamvetse kalikonse, ankayesa akupita onse. Dzuwa litakwera anagona paphewa pawo, ndipo ali m'tulo momwemo anawakodzera. Mkodzo unatsika pachifuwa mpaka m'lamba. Bernadetta anatuluka akupepesa, kufuna kumudzutsa kuti amusinthe, koma a Vitalis anamuletsa ndi dzanja. Anati amulandire akugona choncho, chifukwa akadzuka sakwera. Anamuika okha pamiyendo pa mayi ake aang'onowo, namukonza phazi limene linapindika, nkutuluka. Kondakitala anamenya chitseko.

A Vitalis anaima pamsewupo mpaka minibasi inabisika pokhota. Kenako anabwera pansi pa mango kudzamangirira bokosi lawo pakaliyala. Malaya anali atamatirira pathupi, ntchentche zitayamba kale kuwazungulira, ndipo ku Mauwa ndi kutali. Ndinatunga madzi mumgolo wanga nkuwauza kuti avule ndiwatsukuluzire, dzuwa limeneli aumiratu asananyamuke.

Anayang'ana pachifuwa pawo, nayikapo dzanja.

"Asiyeni, mayi," anatero. "Dzulo pogawa katundu, cha mwanayu sanandipatse chilichonse. Ichi andipatsa ndi Ambuye, ndipita nacho."

Anakankha njinga kulowa mumsewu wafumbi, osakwera.