Makina Osokera a Alamu Anga

Dokotala atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina abale anga. Mng'ono wanga akabwera kudzandizonda n'kuyamikira malata a nyumba yanga, ine mtima unkangoti myuu. Anthu akwathu ndimawadziwa. Amalira maliro uku maso ali pamipando.

Choncho ndinapita paboma kwa mayi wina wothandiza anthu pa zamalamulo, kuti ndilembe wilo. Ndinkafuna kuti ndikadzatsamira mkono, mkazi wanga asadzalandidwe nyumba ndi munda wa mpunga. Mayiwo anati ndiyambe ndakalemba papepala zinthu zanga zonse, zangazanga osati zobwereka, ndipo ndipeze mboni ziwiri zoti sizidzalandirapo kanthu.

Ndinakhala pakhonde ndi kope, mkazi wanga akupeta mpunga chapafupi. Ndinkalemba uku ndikutchula mokweza, monyadira ndithu: nyumba, munda, bwato, njinga. Nditatchula makina osokera, lichero linaima.

“Amenewo musalembe, bambo,” anatero mkazi wanga.

“Chifukwa chiyani?”

“Kodi ndi anu?”

Makinawo anachokera kwa Malenga Chanzi, m'nyumba ya achimwene anga amene anatisiya kalekale. Tsiku losudzula alamu anga, lomwe achibale amamasula wamasiye kuti abwerere kwawo, ine ndi amene ndinali ndi pakamwa. Wophunzira pabanja ndinali ine, ndipo ndinavala tayi dzuwa likuswa mtengo. Ndinauza anthu kuti chilichonse m'nyumbamo chinali thukuta la malemu. Alamu anga, atagwada pambali, ananena motsitsa mawu kuti makinawo anagula okha atagulitsa mpunga wawo wa zaka ziwiri.

“Lisiti lili kuti, alamu?” ndinawafunsa.

Anthu anaseka, ndipo ine ndinamva kukoma. Ndinamanga makinawo panjinga, mayi wa ana anayi akuona, mayi woti ankadyetsa anawo ndi kusoka mayunifomu a sukulu. Kwathu makinawo sanasokepo ngakhale kansanza. Mkazi wanga anakana kuwakhudza. Anangowafunditsa chitenje, ife n'kumaikapo wailesi.

Tsono pakhonde paja ndinapsa mtima, monga amachitira munthu akagwidwa. Ndinati zonsezi ndikuvutikira iyeyo. Sanakweze mawu.

“Mukufuna ndisadzalire ngati mmene analirira mayi aja,” anatero, “koma mukundisiyira chinthu chomwe chinawaliritsa.”

Ndinatseka kope. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Wolanda amene ndinkamuopa pa maliro anga ndinali nditamuona kale, atavala tayi yanga.

Panapita masabata awiri ndikuzengereza. Kenako ndinathira mafuta makina aja, ndinawapukuta, n'kuwakweza minibasi yopita kwawo kwa alamu anga. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, okoma bwino, a munthu wa kusukulu.

Ndinawapeza alamu atakhala pamkeka akusenda chinangwa, tsitsi litayera. Atandilonjera, mawu anga onse anathawa.

“Alamu, ndabweretsa katundu wanu,” ndinangotero.

Anasisita makinawo, n'kuzunguza gudumu lake kamodzi.

“Mukudwala, alamu?”

Ndinavomera.

“Ndinadziwa. Munthu sabweza chinthu ali bwinobwino.”

Ananena mopanda ukali, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Anati maso awo anatha, bowo la singano saliwonanso. Mwana wawo wamkazi, amene anali atayamba kuphunzira kusoka nthawi ija, analekera sukulu panjira n'kukwatiwa ku Dwambazi. Nditawafotokozera za wilo, anagwedeza mutu, nati ndachita bwino kuganizira mkazi wanga.

Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti akukanditengera madzi akumwa. Anatuluka ndi kachitini kadzimbiri, n'kutulutsamo kapepala kofiirira, kothetheka m'mapindo. Dzina lawo linkawerengeka bwinobwino.

“Munafunsa lisiti,” anatero. “Ndinalipeza inu mutapita kale.”

Ndinafuna kuwabwezera, koma anandipinditsa zala zanga pakapepalako.

“Kawapatseni mayi a kunyumba. Mukawauze azisunga mapepala a chilichonse, ngakhale a poto. Abale anu amafunsa.”

Wilo ija ndinalemba, mboni ziwiri zinasaina, ndipo makina mulibemo. Mkazi wanga anaika lisiti lija mu envulopu imodzi ndi wiloyo. Ndikafuna kuona ngati nyumba yake ili yotetezeka, ndimayamba ndagwira kapepala ka alamu anga.