Mapiritsi a bambo ndi mitu ya anthu

Bambo anga ali ndi kawaya mumtima. Anawaika kawayako ku Blantyre mtsempha utatseka, kachubu kakang'ono koti magazi azidutsamo, ndipo atabwerera kwathu ku Majaua, kutsidya kwa malire, ankakanyadira ngati mendulo. Dokotala anawalamula chinthu chimodzi: piritsi limodzi tsiku lililonse, moyo wawo wonse, kuti magazi asaundane m'kawayamo.

Zaka zisanu ndi chimodzi anamwa mokhulupirika. Anachira mpaka kuyambiranso kukankha matumba a chimanga panjinga. Zinthu zinasokonekera anthu atatulukira kuti piritsi la mtimalo ndi asipulini, yemweyu wa mutu. Tsono bambo anga ndi munthu woti ukawapempha mchere amakupatsa ndi ndiwo zomwe. Amene anayamba kupempha ndi mnzawo wapamtima, amene amaitanana naye kuti akumpadre, yemwe anakhala naye kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

"Akumpadre, mutuwu ukundiwaza," anatero tsiku lina. "Kompirimidu, kapiritsi kamodzi basi."

"Tengani tiwiri, kena ka mawa," anayankha bambo.

Pasanathe mwezi, mudzi wonse unadwala mutu. Amayi a kwaya, ogula nyemba, ngakhale odutsa ongopempha madzi. Ine mtima wanga sukhalira kupsa, ndiye ndinawakalipira.

"Bambo, pano si pa farmasiya! Mankhwalawa ndi a mtima wanu."

"Mwana wanga, kawayaka kanazolowera," anatero akuseka. "Kukadakhala kukana, kakadakana kalekale. Mnzako akapsa ndevu, m'zimire."

Chimene sanatiuze n'chakuti mapiritsi a mwezi ankatha m'sabata ziwiri. Masiku otsalawo ankangomwa madzi kuseri kwa nkhokwe, n'kubwera akupukuta pakamwa kuti mayi aziyesa kuti amwa piritsi.

M'mawa wina akumanga thumba la nyemba panjinga, anangokhala pansi, thukuta lili kamukamu, dzanja pachifuwa. Mnzawo uja ndiye anagwetsa thumbalo, kuwakweza pakaliyala mpaka kumsewu. Tinakwera minibasi kukafika ku Milange, n'kudumpha malire. Njira yonse ndinali ndi mantha, komanso ndinali wokwiya, moti sindinkadziwa ngati ndilire kapena ndiwazazire.

Ku Blantyre anapeza kuti magazi aundana m'kawaya komwe kaja. Anakatsegula, bambo n'kupulumuka. Dokotala anatiuza kuti kawaya sikazolowera munthu. Ngakhale patapita zaka zambiri, ukasiya mankhwala magazi angathe kuundana tsiku lililonse. Atafunsa chifukwa chimene anasiyira kumwa, bambo anayang'ana kudenga. Mnzawo uja, ataima pakhomo chipewa chili m'manja, anayankha yekha: "Tinawathera ndife, adokotala."

Kuyambira pamenepo mkuluyo amafika pakhomo pathu m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Amakhala pakhonde, kudikira bambo ameze piritsi, kenako amati, "Yasamulani ndione." Bambo amadandaula kuti akuwasunga ngati mbuzi, koma amayasamula.

Mwezi wathawu mnzawo uja anabwera atamanga kansalu kumutu, maso ali psuu, mutu ukumuwawa zenizeni. Bambo, mwachizolowezi chawo, anatsegula botolo n'kumutambasulira dzanja. Mnzawoyo analibweza dzanjalo mpaka pachifuwa pawo.

"Mutu wanga upola wokha, akumpadre," anatero. "Imwani ndinu. Ine ndilibe wina woti ndizimupempha."