Ndinayendera Makomo Onse Kupatula Langa

Ndine bambo wa kuno kwa Chapananga m'boma la Chikwawa. Dzina langa sinditchula, amene akundidziwa andizindikira okha. Ndikulemba izi ndili wotopa, thupi ndi mtima womwe. Banja langa linasokonekera, ndipo chimene chinalisokoneza si mowa ayi, ngakhale kuti mowa ndinaumwa zaka zambiri. Linasokonekera nditausiya kale mowawo, nditabwerera kwa Mulungu, ndili kalikiliki kuyendera anthu amene anasiya kupemphera. Inu owerenga, makamaka inu amene mumagwira ntchito za mpingo, mundimvetsere bwino kuti zimene zandionekera ine zisakuonekereni.

Ndinakulira mu mpingo ndipo paunyamata wanga ndinkaimba kwaya. Akazi anga, mayi a Luwiza, ndinakumana nawo kumsonkhano wa makwaya ku Nsanje. Kwawo ndi kwa Nyachikadza, kumadzi, ndipo nditawalowola anasiya nsomba ndi madimba a kwawo n'kubwera kuno kouma, kumene nthawi ya chilimwe madzi timachita kufukula mumchenga wa mtsinje wa Mwanza. Tinayamba bwino ndithu. Koma chaka china thonje litachita bwino, ndinayamba kucheza pansi pa mtengo wa masawu ndi anzanga omwa uchema, mowa uja wa migwalangwa. Uchema unandiperekeza ku kachasu. Kutchalitchi ndinayamba kupita mwa apo ndi apo, kenako ndinalekeratu.

Zaka zonsezo mayi a Luwiza sanaphonyepo Lamulungu popanda chifukwa. Ndikabwera nditaledzera ankandivula nsapato, n'kugwada pafupi ndi mphasa kundipempherera, ine ndikuwaseka. Ana athu awiri anakula akuona zimenezo. Luwiza anakwatiwa kuminda ya nzimbe, ndipo mlongo wake anapita ku Blantyre kukafuna ntchito. Pakhomo tinatsala atatu: ine, akazi anga ndi amayi anga ondibala.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lija la kuno loti ngakhale mbuzi zimathawira pamthunzi, ndinagwa panjira ndikuchokera ku mowa. Anthu ochokera kumsika ndiwo anandiona n'kukanena kunyumba. Mayi a Luwiza anabwereka ngolo n'kunditengera kuchipatala. Kumeneko anandiuza mosapsatira kuti chiwindi changa chatopa, ndikapitiriza kumwa sindikhalitsa. Pabedi paja ndinachita mantha, ndinalira, ndipo ndinapemphera koyamba patatha zaka zambiri. Kulapa kwanga kunali koona, sindikufuna wina akayikire zimenezo. Mpaka lero mowa sindinaulawenso.

Nditachira ndinapita kutchalitchi n'kuima kutsogolo kufotokoza kumene ndinali. Amayi anaimba nthungululu, azibambo anandigwira chanza mmodzimmodzi. Mayi a Luwiza anali atakhala kumbuyo, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Palibe amene anatchula dzina lawo tsiku limenelo. Ngakhale ine amene ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza adokotala, ndinathokoza mwini ngolo, koma iwo ndinawaiwala.

Mkulu wa mpingo wathu, a Bande, anali ndi nkhawa chifukwa mabenchi ankanka nakhala opanda anthu. Anakhazikitsa kagulu koyendera amene anafooka, ndipo anandisankha ine kuti ndizitsogolera, amvekere munthu amene anabwerera yekha ndiye angabweze anzake. Ndinavomera ndi mtima wonse. Tinayamba ndi Loweruka lokha. Kenako ndinawonjezera Lachitatu, kenako Lamulungu masana, mpaka panalibenso tsiku limene ndikanati ili ndi la pakhomo. Midzi ya kuno ndi yotalikirana, choncho ndinkanyamuka m'mawa pa njinga ndi botolo la madzi n'kubwera dzuwa litapendeka.

Ndipo anthu ankabwereradi. Panali bambo wina amene anasiya kupemphera chifukwa ng'ombe za mkhristu mnzake zinamudyera mapira, ndinawayanjanitsa. Panali mayi wina amene ankachita manyazi chifukwa cha mwana wake wotenga mimba ali pasukulu, ndinamulimbitsa mtima mpaka anabwera. Aliyense akalowa m'tchalitchi, anthu ankacheukira kwa ine. Ndisakunamizeni, zinkandikomera. Munthu amene dzulo ankamutcha chidakwa, lero akumupatsa mpando wakutsogolo, mtima umakula.

Nthawi yomweyo amayi anga anagwa kuseri kwa nyumba n'kufa ziwalo mbali imodzi. Sankatha kuyenda, kudya okha ngakhale kudzithandiza. Ntchito yonse inagwera mayi a Luwiza. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchapa nsalu zoipitsidwa tsiku ndi tsiku. Kuchapako kunkafuna madzi ambiri, ndipo njinga imene akanamangapo zigubu inali ndi ine. Ankasenza pamutu kuchokera kumtsinje, akuthamanga chifukwa asiya wodwala yekha. Kuwonjezera apo panali mbuzi, panali mbalame zofuna kuingitsa m'munda wa mapira.

Kutchalitchi anasiya kupita. Anthu akandifunsa ndinkangoti akudwazika, n'kupitiriza zanga. Kunena zoona, ine sindinkaona kuti asiya. Ndinkawaona ngati mtengo wa mlambe umene umangokhalapo chaka chilichonse, kaya mvula igwe kaya isagwe.

Kuno abusa amabwera patalipatali chifukwa ali ndi mipingo yambiri. Sabata ina tinamva kuti akubwera ndipo kudzakhala mgonero. Madzulo a Lachisanu mayi a Luwiza anandipeza ndikupopa njinga.

"Bambo a Luwiza, Lamulungu lino bwanji mutsale ndi amayi, ine ndikadyeko mgonero? Papita nthawi."

Ndinawauza kuti sizingatheke, chifukwa kunali bambo wina kutsidya kwa mtsinje amene analonjeza kubwera pokhapokha ndikamutenge ndekha pa njinga. Ndinanena kuti mzimu wa munthu uli pangozi. Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti chabwino, basi n'kulowa m'nyumba. Sanadzandipemphenso. Kuyambira pamenepo anasiyanso kuimba akamasinja, chikhalirecho kale nyimbo sinkachoka pakamwa pawo. Bulauzi yawo yoyera ya amayi a mpingo anaipereka kwa mnzawo. Zonsezi ndikuzikumbuka lero, koma nthawi imeneyo ndinkangozidutsa.

Tsiku lina kagulu kathu katakumana, tinkatchula anthu oyenera kuwayendera sabata imeneyo. Mayi wina wachikulire ananena motsitsa mawu kuti nanga mayi a Luwiza bwanji, popeza miyezi yapita osawaona. Ena anaweramitsa mitu. Ine ndinamva manyazi ngati andivula malaya pagulu. Sindinaganize za kutopa kwa akazi anga ayi. Ndinaganiza za dzina langa, kuti anthu aziti wobweza anzake walephera kubweza wa m'nyumba mwake.

Ndinafika pakhomo mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza kuseri atawerama pabeseni, akuchapa nsalu za amayi. Ndinaima pomwepo n'kuyamba kuwalalikira mmene ndinkachitira m'makomo a ena. Ndinawauza kuti kufooka kumayamba pang'onopang'ono, kuti woipayo amalowera pa zifukwa zooneka ngati zabwino, kuti akundichititsa manyazi kumpingo. Anandisiya ndilankhule mpaka nditamaliza. Kenako anafinya nsalu, anaweramuka movutikira atagwira msana, n'kunena:

"Bambo a Luwiza, zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti akubwezereni kwa ine. Wakuchotsani ku mowa n'kukukwezani pa njinga. Pakhomo pano simunafikebe."

Inu owerenga, pamenepo ndinayenera kukhala pansi n'kugwira beseni lija. M'malo mwake ndinapsa mtima, n'kuwanena kuti akuchitira nsanje ntchito ya Mulungu. Mawa lake ndinakwera njinga monga mwa masiku onse.

Anadikira mpaka tinakolola mapira n'kuwalonga m'nkhokwe. Tsiku lina m'mawa anasambitsa amayi, anawameta tsitsi, anawadyetsa, n'kukapempha mnansi wathu, mayi a Joaki, kuti aziwaonako. Kenako anandiuza maso ndi maso kuti akupita kwawo akapume. Sanathawe, sanatukwane, sanatenge kanthu kupatula zovala zawo. Ine ndinati mumtima, sabata ikatha abwera. Sabata inatha, mwezi unatha, wina n'kubwera pamwamba pake.

Apa ndi pamene ndinayamba kudziwa zimene ankasenza. Mayi a Joaki ali ndi banja lawo, sangabwere tsiku lililonse. Luwiza anabwera n'kukhala masiku ochepa, koma ali ndi khanda ndiponso mwamuna wake ankamufuna. Tsiku loyamba limene panalibe mzimayi aliyense wondithandiza, ndinayenera kusambitsa amayi ndekha. Inu mukudziwa kuti pachikhalidwe chathu mwana wamwamuna saona thupi la mayi wake. Ndinawasambitsa nditayang'ana kumbali, iwo akulira mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Nditamaliza ndinakakhala kukhola la mbuzi.

Ndinaganiza zowalondola akazi anga. Ndinasiya amayi m'manja mwa mayi a Joaki, ndinakwera matola mpaka kumsewu waukulu, minibasi mpaka ku Nsanje, kenako bwato lodutsa m'mabango. Alamu anga anandilandira mwaulemu n'kundilozera kudimba. Ndinawapeza akukumba mbatata. Nkhope yawo inali itabwerera, masaya atadzaza, ndipo zinandipweteka kuona kuti munthu wachira chifukwa chotalikirana ndi ine.

Tinakhala pamthunzi. Ndinapepesa, ndinawauza kuti tsopano ndaona, ndinawapempha kuti tibwerere limodzi. Anandiyankha ndi liwu limodzi la m'chilankhulo cha kwawo, lonena za kutopa kofika m'mafupa.

"Ndaneta."

Ndipo taonani mmene chizolowezi chimamugwirira munthu, ndinapezeka ndawafunsa ngati kumeneko akupemphera. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwaoloka madzi onsewa kudzandifunsa zimenezo? Mulungu ndilibe naye mlandu, ndimalankhula naye ndikamalima. Koma kulowa m'tchalitchi miyendo imakana. Ndinkalowamo chifukwa cha inu, ndinatulukamonso chifukwa cha inu."

Atatero anayamba kundifunsa za apongozi awo. Ngati chilonda cha pachiuno chinapola, ngati ndikuwatembenuza masana, ngati ndikukumbuka kuti phala lolimba limawatsamwa. Anandimangira mbatata ndi nsomba zouma kuti ndikawapatse. Anandiperekeza mpaka padoko, koma m'bwato ndinalowa ndekha. Sananene kuti banja latha, sananenenso kuti adzabwera. Mpaka lero zili choncho.

Utsogoleri wa kagulu kaja ndinautula. A Bande anadandaula, koma ndinawauza kuti sindingathe. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akamayendera munthu amene wasiya kubwera, asamayambe ndi kumulalikira. Ayambe amufunsa chimene chamugwira. Ngati akudwazika, mmodzi atsale ndi wodwalayo Lamulungu kuti iye akapemphere. Ngati madzi ali kutali, amutungireko. Iwo ndi onse a m'kagulu kaja anavomera kuti ndi maganizo abwino. Amene anachitapo ndi ochepa, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa kulankhula m'khomo la munthu n'kosavuta kusiyana ndi kuchapa nsalu za wodwala wake. Ine ndemwe ndinasankha chosavutacho kwa nthawi yaitali.

Inu amene mwabwerera kwa Mulungu posachedwa, ndikukondwera nanu, ndipo musabwererenso m'mbuyo. Koma musanathamangire kumakomo a ena, yang'anani amene anakudikirani nthawi yonse imene munasochera. Munthu ameneyo anatopa kale, kungoti sananene. Tsiku limene anthu akukuimbirani nthungululu, iye ndiye akufunika kupuma, ndipo ngati simumulandira katundu, adzamutula pansi n'kuchoka. Musaganize kuti wolimba m'chikhulupiriro safooka. Amafooka mwakachetechete, ndipo chifukwa aliyense amamudalira, palibe amene amamuyendera.

Inunso a mpingo, mukamutuma munthu ntchito, muzifunsa kuti kunyumba wasiya ndani, ndipo wamusiyira chiyani.

Ine masiku ano kutchalitchi ndimapita pokhapokha mayi a Joaki akapeza mpata wokhala ndi amayi, ndipo si kawirikawiri. Masabata ambiri Lamulungu limandipeza pakhonde, nditawatsamiritsa amayi pachifuwa panga, ndikuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti lisawatsamwe. Belu likalira kutchalitchi, ndimaona anthu akudutsa panjira atavala zoyera, ena amandibayibitsa, ena amayang'ana kumbali. Ndimapukuta amayi pakamwa n'kudikira kuti ameze. Sindinkadziwa kuti belu limamveka mokweza chonchi kwa munthu amene akufuna kupita koma alibe womusiyira wodwala.