Adada anabwera kudzaona mdzukulu, anaona ambulera

Inu a komiti yoyendetsa chikho chija pa Boma, ndakhala chete mokwanira. Timu yathu inawina, inde, ndipo mudzi wonse unavina. Koma zimene munawachita bambo anga tsiku la fainolo sizinanditsike pakhosi. Lero anthu amve.

Amene simundidziwa, ndine Nyashaba wa ku Champhira, ndimasoka zovala pamsika. Bambo anga, ife timati adada, ndi amene anayambitsa timu ya kwathu ine ndisanabadwe. Bwalo anasalaza okha ndi khasu, mitengo ya magolo anakadula okha kuphiri. Zaka zonsezi timuyo imatuluka m'ndime zoyambirira. Chaka chino inafika mufainolo koyamba, ndipo kutsogolo kumamenya mwana wanga Chawezi, mdzukulu wawo.

Adada anadwala sitiroko chaka chatha. Mwendo wakumanzere amachita kukoka, ndipo kuima nthawi yaitali sangathe. Ndinawauza kuti atsale, tidzawafotokozera zonse pobwera. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mwana wane, ngakhale pa wilibala, ine ndipita."

Ndiye ndinagula matikiti awiri a mutenti, odula aja. Galimoto yanu ya chimkuzamawu inazungulira misika yonse ikulengeza kuti tikiti ya mutenti ndi mpando ndi mthunzi. Mpando ndi mthunzi! Ndinamva ndi makutu angawa. Chawezi atamva anauza agogo ake kuti akadzachinya, adzathamangira kutenti kudzawagwira dzanja.

Tinalawira. Minibasi mpaka ku Boma, kenako kabaza, ine ndikuyenda pambali nditagwira adada msana kuti asagwe. Tinafika dzuwa lisanafike pamutu, mpira unali wa masana. Pageti la kutenti panali bambo wina wovala chibakuwa chowala chija cha olondera. Ndinamupatsa matikiti. Sanawayang'ane n'komwe. Anati geti limenelo ndi la akuluakulu, ife tizungulire kuseri.

Ndinati, "Ndapota, achimwene, taonani mwendo wa adadawu."

Anandiyankha kuti iye si dokotala.

Tinazungulira mpanda wonse, pang'onopang'ono, adada akupumira panjira. Titalowa n'kufika patenti, mipando yonse inali ndi eni ake. Eni ake ati? Azikazi a anthu a komiti, azilamu awo, ana awo akusewera ndi mafoni, ena atafulatira bwalo. Ndipo pakati penipeni, pamzere woyamba, mpando umodzi panakhala bokosi la zakumwa zoziziritsa. Bokosi. Lili phee pamthunzi, adada ali chiimire padzuwa.

Ndinaitana wolondera wa patentipo, dzina sindimudziwa, wamtali wa chipewa chofiira. Ndinamuonetsa matikiti, ndinamuonetsa bokosi. Anati mpando umenewo ndi wa abwana, angotuluka pang'ono. Ndinafunsa ngati abwanawo amakhala m'bokosimo. Anati ndisamuyankhule mwachipongwe, apo ayi atitulutsa tonse awiri. Kenako anati tikiti imangokupatsa ufulu wofika patenti, za mpando ndi mwayi wako.

Tandiuzeni, a komiti, mawu amenewa analembedwa pati? Chimkuzamawu chija chinaiwala kuwanena?

Mwa anthu onse anakhala mutentimo, palibe ngakhale mmodzi anadzuka. Anyamata amphamvu zawo, kuona nkhalamba ikunjenjemera pa ndodo, kungotembenuza nkhope. Amene anatimvera chisoni ndi mayi wina wogulitsa mandasi, wosatidziwa n'komwe. Anakhuthula mabotolo m'kireti yake, naitembenuza, nati, "Khalani apa, adada." Amayi inu, ngati mawuwa angakupezeni, yewo chomene, zikomo kwambiri.

Tinakhazika kiretiyo kuseri kwa chingwe chotchingira bwalo. Poyamba zinali bwino. Adada anaona timu ikulowa, anaona Chawezi, anakweza ndodo m'mwamba. Ndinati basi, bola.

Mpira utangoyamba kunabwera chibambo china chonenepa, fungo la kachasu kutsogolo, ambulera yaikulu kudzanja lina, vuvuzela kudzanja linalo. Chinadumpha chingwe n'kuima kutsogolo kwathu penipeni. Malo amenewo ndi oletsedwa, aliyense amadziwa. Chinatambasula ambulera ija, bwalo lonse bii. Anzake atatu anachitsatira.

"Pepani, bambo, tasunthani pang'ono, adada sakuona."

Chinatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mayi, kuno si kutchalitchi. Agogowo akanakhala kunyumba." Kenako chinaika vuvuzela pafupi ndi khutu la adada n'kuliza. Anzake kuseka mpaka kugwirana mapewa.

Ndinathamangira kwa wa chipewa chofiira uja. Anabwera, inde. Anafika, anapatsana moni ndi chibambocho ngati pachibale, analandira botolo, anamwako, anapukuta pakamwa, nandiuza kuti bwanayo ndi mmodzi wa othandiza chikho, ndimupirire. Ntchito yake inathera pomwepo.

Tinasuntha kireti kumanja, anthu anadzaza. Kumanzere, chimodzimodzi. Aliyense ataona kuti chingwe n'chongokongoletsa, anadumpha. Adada anatsala pansi, pakati pa miyendo ya anthu, fumbi likuwathira kumaso. Ine ndinasanduka wailesi. Ndimasuzumira pakati pa mapewa n'kumawerama kuwauza: wautenga Chawezi, wapatsira, aphonya. Munthu anayenda ulendo wonse uja kuti adzamve mpira kukamwa kwa mwana wake?

Chigawo chachiwiri chili pafupi kutha, zigoli kulibe, mpira unadutsa pamwamba kuchokera kukona. Ndinaona mutu wa Chawezi ukukwera pakati pa anthu. Ukonde unagwedezeka.

Zimene zinatsatira sindizifunira munthu. Gulu lonse la kumbuyo linakhamukira m'bwalo kudzera pa ife. Kireti inagubuduka. Adada anagwa chammbali, mbali yodwala yomweyo. Ndinagwada n'kuwaphimba ndi thupi langa, anthu akundiponda msana. Magalasi awo anasweka. Ndodo sitinaionenso mpaka lero. Olondera anabwera ndi zikwapu, osati kudzadzutsa nkhalamba, koma kudzakwapula aliyense amene anali pafupi. Chikwapu china chinandipeza ine paphewa, ndili chigwadire.

Nditawadzutsa, magazi akutuluka pachigongono, adada sanafunse za magalasi kapena ndodo. Anandigwira dzanja.

"Ninjani wachinya? Wachinya ndani?"

"Chawezi, adada."

Kenako anati, "Ndi mwendo?"

"Ndi mutu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ikutsika m'fumbi la kumasaya.

Ndipo Chawezi anachita zimene analonjeza. Anzake akumukoka jezi, iye anathamangira kutenti, kufunafuna agogo ake mzere ndi mzere. Anapeza azilamu anu akumujambula ndi mafoni. Mwana anachinya chigoli chimene mudzi wathu wakhala ukudikira moyo wonse, koma anamaliza mpirawo maso ali kunja, akuganiza kuti agogo ake akomoka panjira.

Lolemba ndinabwereranso ku Boma, ndinatseka shopu tsiku lonse. Ndinapeza mlembi wa komiti akudya chimanga chootcha. Ndinafotokoza zonse. Anati mpira ndi choncho, amayi. Anati chikhala kuti tinafika msanga, tikanapeza mipando. Nditamuuza kuti tinafika iye asanafike, anati nanga ndikudandaula chiyani poti timu yathu ndi imene yatenga chikho. Pepani sanatuluke pakamwa pake. Za wolondera wa chipewa chofiira uja anati sangamudziwe, anali aganyu.

Adada anagona masabata angapo chiuno chikuwawa. Pano akuyenda, koma sakufikanso kubwalo la kumudzi kumene ankapita madzulo aliwonse kukaonerera anyamata. Akuti phokoso la vuvuzela likumawalira m'khutu.

Tsono imvani chimene chandilembetsa lero. Dzulo kwabwera uthenga wochokera kwa inu. Mwamva kwa anthu kuti amene anayambitsa timu yopambana akadali moyo, ndiye mukufuna adzakhale mlendo wolemekezeka potsegulira chikho chikubwerachi, mudzawajambule atanyamula chikho pamodzi ndi akuluakulu anu. Manyazi mulibe?

Ndisanayankhe za ulemu wanuwo, yambani mwandiyankha ine. Munagulitsa matikiti a mipando imene munali mutagawana kale chifukwa chiyani? Wa chipewa chofiira uja anamulemba ndani, ndipo pa chikho chikubwerachi adzaimanso pomwe paja? Amene anagwetsa munthu wodwala, ndi amene anandikwapula, adzapepesa liti? Ndipo inu anzanga a ku Champhira, ku Jenda, kulikonse, ngati muli ndi kholo lokonda mpira, musalitengere kumeneko podalira tikiti. Mudzalira ngati ine.

Uthenga wanuwo ndinawawerengera adada, mawu onse, mpaka pamene mwalemba kuti mudzasangalala kuwaona. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Uwauze kuti ndinabwera kale. Sanandione."

Ndiye ndakuuzani.