Kakowa wa pa Chithaphwi cha ku Kanyama

Mdzukulu wanga akamajambula ndi foni, kaphokoso kaja ka "tcha!" kamandibwezera ku Kanyama, zaka zija ufa tinkachita kuuimira pamzere.

Makolo anga atamwalira, ndinkakhala ndi ambuya, agogo anga. Ankandituma ndi legeni kukasaka mbalame za ndiwo, koma ine ndinkangokhala pa chithaphwi cha madzi a mvula, kuyang'ana kakowa wina akuponda matope koma osada. Pobwerera ndinkati ndaphonya.

Tsiku lina ndinapeza bambo wachilendo atagwada, ataloza kakowa wanga ndi chinthu chakuda cha mphuno yaitali. Ndinaganiza kuti ndi mfuti. Ndinaponya mwala m'madzi, kakowa n'kuuluka, chinthucho n'kulira kuti tcha!

"Iwe mwaice, wachita chani?"

"Musamupaye, ba tate. Alibe na nyama."

Anaseka mpaka kukhala pansi.

Nyengo ya mvula itatha, bambo uja anandipeza pomwepo. "Sembe siunaponye mwala, sembe sininamugwire so," anatero, kutanthauza kuti mwala wanga uja ndiwo unamuthandiza, n'kundipatsa kapepala kolimba, n'kumapita.

Anali kakowa wanga, atatambasula mapiko. Ndakalamba, koma sindinapezebe njira ina yogwirira mbalame n'kuisiya ikuuluka.