Chisanu Chomwe Tinkadikira Mlongo wa Namkanda

Fungo la utomoni wa paini likandipeza, kaya ndi pamsika pogulitsira matabwa, kaya ndi pa mtolo wa nkhuni umene mwana watsika nawo kuphiri, ine ndimapezeka ndili pakhonde pa golosale ya a Che Saidi ku Zakazaka. Ababa anga ankacheka matabwa pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo fungolo linawalowerera mpaka m'khungu. Jekete yawo yakuda ija, amayi aichape bwanji ndi madzi ozizira a Mulunguzi, inkangonunkhirabe nkhalango. Lamlungu masana ndinkakhala pafumbi nditatsamira maondo awo, mphuno ili pajeketepo, maso ali pa kanema.

Nthawi imeneyo akuluakulu anali atavota kale kachiwiri chiyambire zipani zambiri, ndipo kanema anali atayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba. Kwathu kuja woyamba kugula anali a Che Saidi. Mkati mwa sabata ankamufunditsa nsalu ngati mkwatibwi, koma Lamlungu dzuwa likapendeka ankamutulutsa pakhonde n'kumukhazika pa makireti a zakumwa. Ndiye muone anthu! Madala pa benchi, azimayi kumbuyo ndi makanda kumsana, ife ana pansi kutsogolo, miyendo yotuwa mbuu. Wina chinangwa chootcha m'manja, wina nzimbe, makoko kulavulira pamsana pa mnzake.

Sewero limene tinkadikira linali la chizungu, ndipo linali litayenda zaka. Dzina lake lenileni panalibe wolitchula. Tonse tinkangoti Namkanda, chifukwa mtsikana wa m'seweromo ankavala mkanda wa mwala umodzi umene unkayaka ngati khala adani akayandikira. Dziko lake linali la mahatchi, la mitengo yoyenda ndi mizu yake, la mfumu ya dzanja lachitsulo, ndi phiri lokhala ndi chitseko. Kumayambiriro kwenikweni kamnyamata kena kanalowa pachitsekopo, chitseko n'kutsekeka. Kuchokera pamenepo, paliponse pomwe Namkanda wafika ankaima n'kuyang'ana kuphiriko, mphepo ikumuulutsa tsitsi.

Ambirife chizungu chinkatidutsa pamwamba, ndiye womasulira anali ababa. Paja asanayambe zocheka ankagulitsa mabulosi ndi miyala yonyezimira kwa azungu m'msewu wa kuphiri, choncho anthu ankati chizungu amachimwa ngati madzi. Ankakhala pa kampando pambali pa kanemayo, mawu n'kumasintha: apa a mtsikana, apa a nkhalamba, apa a hatchi imene. Mfumu ikakalipa ankati, "Akuti wadya ndiwo zanga ndani?" khonde lonse n'kugwa ndi phwete. Koma Namkanda akaima kuyang'ana kuphiri, mawu awo ankatsika. "Uja ali m'katimo ndi mlongo wake," ankatero. "Akuti, dikira mwana wa mayi anga. Nsapato zithe, ine sinditopa." Azimayi kumbuyo kuja ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Magetsi akathima, ndipo ankathima ndithu, ababa ankangopitiriza nkhani ngati palibe chachitika, ndipo akayaka tinkaona ngati sewero lawapeza pomwe afika.

Chisanu cha chaka chimenecho chinabwera ndi ukali. Chiperoni chinkatsika kuphiri n'kukhala pamadenga mpaka masana, malata akudontha popanda mvula, zovala pachingwe osauma. Ababa anayamba ndi kachifuwa. Kenako anayamba kupumira panjira pokwera phiri, kenako anasiyiratu kukwerako. Anali matenda a zaka zimenezo, aja anthu sankawatchula dzina. Amayi anawayalira mphasa pafupi ndi chitseko, pomwe kadzuwa kankalowera kakatuluka, ndipo jekete ija inayamba kuwakulira.

Lamlungu loyamba limene analephera kudzuka, ine ndinati nanenso sindipita. Anandiyang'ana n'kuseka. "Pita, mayi wanga, ukandionere. Ubwere nazo zonse, usataye panjira." Ndikutuluka anawonjeza kuti, "Tsiku lomwe amupeze mlongo wakeyo, ine ndidzuka kukavina pakhonde pa Che Saidi." Iwo ankangocheza, koma mwana sasiyanitsa. Ine mawuwo ndinawamanga pamtima. Kuyambira tsikulo ndinkapita kukanema ngati wotumidwa mankhwala: chitseko chija chitseguke, ine ndithamange nawo uthenga, ababa adzuke.

Pampando wa ababa panakhala a Limbani, mnyamata wa ku koleji amene ankachita lendi kuseri kwa golosale. Anali munthu waulemu, wa magalasi, ndipo ankamasulira liwu ndi liwu mosalumpha. Koma inu, sewero lija linasanduka. Mfumu ya dzanja lachitsulo, imene tonse tinaiona ikugwera m'phompho chaka chapitacho, inangotulukira bwinobwino ikudya nyama, popanda wotiuza kuti yatuluka bwanji. Mitengo yoyenda ija inangosowa. Namkanda, mtsikana woti ankagona m'mapanga, anayamba kutha Lamlungu lathunthu ali m'nyumba ya mfumu, kusinthasintha madiresi, kulira kuti akwatiwe ndi uyu kapena uyo. Tsiku lina anavula mkanda uja n'kupatsa mnyamata wina amene tinali titangomuona kumene. Pakhonde panamveka kuti haa, ngati munthu wagwetsa mtsuko.

Amayi a Fatuma, ogulitsa zitumbuwa, ndi amene analephera kupirira. "Achimwene, tafunsani. Nanga mlongo wake uja?" A Limbani anatembenuka. "Mlongo uti, amayi?" Titawafotokozera tonse nthawi imodzi, anakonza magalasi n'kunena kuti, "Aa, uja? Uja anali wantchito wa kukhola la mahatchi. Sanamutchulenso." Phokoso lake! A Che Saidi anachita kutuluka kuseri kwa kauntala. "Inu mwabwera dzulodzuloli. Ife mwanayu tayenda naye zaka, ndiye mutiuze kuti mlongo wake sitikumudziwa?" A Limbani anayang'ana anthu, anayang'ana ine, ndipo anangoti, "Mwina olembawo asintha." Basi, tinagwira pomwepo. A Che Saidi anagamula kuti wolemba weniweni anamwalira, abale ake alanda sewerolo ngati katundu wa amasiye, ndipo akungoligawana osadziwa kuti mwini wake ankapita nalo kuti.

Ndinafika kunyumba ndikutukutira. Ndinakhuthula zonse pamphasa paja, za mfumu, za madiresi, za mkanda, za wantchito wa mahatchi. Ababa anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amayi n'kundikalipira. Atapeza mpweya anati, "Olembawo atopa, mayi wanga. Khala apa ndikuuze zimene zachitika." Ndiye anandiuza kuti mkanda umene anapereka uja unali wabodza, weniweni anausokera m'mpendero wa diresi. Anati kulira kwa ukwati kuja kunali kuwagoneka adani tulo, kuti apeze kumene mfumu imabisa kiyi wa phiri. Zinalowana bwinobwino ngati mphako ndi njuchi zake. Mtima wanga unakhala pansi.

Umu ndi mmene tinathera chisanu chimenecho. Ine kupita kukatenga zophwanyika, iwo kuzilumikiza. Madzulo aliwonse a Lamlungu, utsi wa mbaula uli m'maso, kunja nkhungu itatseka phiri, ankandikonzera sewero. Amayi a Fatuma atamva anayamba kubwera ndi kaphala m'kambale, ati kudzaona wodwala, koma akakhala pansi funso lawo linali la Namkanda. Pakhonde pa golosale anthu ankachepa sabata ndi sabata. Madala anabwerera ku bawo. Ena ankangoima pang'ono, kupukusa mutu, n'kumapita akutukwana olemba. Ine ndekha sindinajombe, makamaka a Limbani atanena kuti sewero latsala pang'ono kutha. Ndinati pomaliza penipeni sangalephere kutsegula chitseko. Ngakhale wolemba wotopa amadziwa kuti nkhani siithera panja.

Kwawo kwa ababa kunali kuseri kwa Jali, kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, koma ine ndinali ndisanapondeko. Anachokako ali mnyamata atakangana ndi amalume awo pa nkhani ya munda, ndipo sanabwererenso. Zoti anasiya mlongo wawo kumeneko ndinkangozimva patalipatali. Loweruka lina, mawa lake kuli gawo lomaliza, ndikutsuka mbale panja, panafika mayi wamtali atasenza dengu, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anali azakhali anga, a Eneresi. Anamva kwa munthu wa njinga wogulitsa matemba kuti ku Zakazaka kuli wocheka matabwa wakuti wakuti, ndipo ali gone. Anatula dengu, anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana pamphasa. "Mwana wa mayi anga," anatero, "wandiyendetsa." Ababa anangoti, "Achemwali," n'kuphimba nkhope ndi mkono wa jekete.

Paja mwambo wake ngwodziwika: munthu matenda akamukulira amakadwalira kwawo, m'manja mwa abale ake. Mkazi sangakanize, kuopa kuti zikavuta adzamufunsa kuti munthu wathu unamubisiranji. Amayi sanatsutse. Anangolowa kuchipinda n'kuyamba kupinda zovala, misozi ikugwera pamalaya. Wotsutsa ndinali ine. M'mawa wa Lamlungu, atawanyamula ababa kupita nawo kumsewu kokwerera matola, ndinagwira chitenje cha azakhali. "Dikirani mawa! Lero ndi lomaliza!" Iwo sanamve n'komwe chimene ndinkanena, anangondichotsa dzanja mofatsa. Ababa, atawakhazika pakati pa matumba kumbuyo kwa galimoto, anandikodola. "Ukaonere, mayi wanga. Udzandiuza. Akalakwitsa ndidzakonza." Galimoto inanyamuka, fungo la utomoni linapita nawo.

Masana ake pakhonde tinalipo owerengeka. Namkanda anakwatiwa ndi mnyamata wa mkanda uja, anamuveka chisoti chachifumu, anthu anaponya maluwa. Phiri linaoneka kamodzi, patali, kumbuyo kwa anthu ovina. Ndinadikira. Nyimbo inayamba, zilembo zinayamba kukwera, ine ndikudikirabe. A Che Saidi anazimitsa kanema n'kumufunditsa nsalu yake. "Atidyera nthawi anthu amenewa," anatero. A Limbani anandipatsa siwiti, ine ndinaitaya m'ngalande. Ndinayenda pang'onopang'ono kubwerera kunyumba, mathero oipawo ndili nawo, wowakonza palibe. Pomwe panali mphasa panali patasesedwa.

Uthenga unabwera mvula yoyamba isanagwe. Kumaliro kuja ndi kumene ndinaona koyamba phiri lathu ndili kutali. Ukakhala ku Zakazaka phiri limakhala pamutu pako, suliona lonse. Koma kuchigwa kuja linaima lathunthu, lobiriwira ngati utsi, kuyambira uku mpaka uko. Azakhali anandipeza ndikuliyang'ana kuseri kwa nkhokwe. "Zaka zonsezi ndikaweramuka polima ndimayang'ana kumeneko," anatero. "Ndinkadziwa kuti ali m'menemo, koma polowera sindinkapadziwa." Ine ndinali nditakwiyira anthu awa okha pa dziko lapansi: olemba sewero amene anakana kutsegula chitseko, ndi mayi ameneyu amene ananditengera ababa tsiku lolakwika.

Sukulu ine sindinapite nayo patali, zolemba zinandidutsa, koma mwana wanga wamkazi chizungu amachidziwa. Chaka china, ali ndi pakati pa mdzukulu wanga woyamba, analipeza sewero lija pafoni n'kundimasulira kuyambira pachiyambi. A Limbani sananame. Kamnyamata kaja kanalidi ka kukhola la mahatchi, ndipo Namkanda poyang'ana kuphiri ankangonena za nkhondo ndi za nyengo. Mitengo yoyenda inasowadi popanda chifukwa, mfumu inadzukadi popanda chifukwa. Pamenepo olembawo sindinawakhululukire mpaka lero. Koma mlongo uja sanamutaye ndi iwo. Sanamulembepo n'komwe. Chizungu cha ababa chinali chogulitsira mabulosi basi. Ankaona mtsikana wayang'ana kuphiri, n'kumuika m'kamwa mawu amene iwo ankalakalaka wina kuchigwa atawanena.

Ndili mwana ndinkati mlongo wa Namkanda sanapezeke, n'chifukwa chake ababa sanadzuke. Ine wa lero ndimati anapezeka, Loweruka, pakhomo pathu pomwe, ine ndili ndi mbale m'manja, ndipo sindinazindikire chifukwa maso anga anali kwa a Che Saidi. Azakhali anamwalira ndisanawauze zimenezi. Adzukulu anga akandiumiriza kuti ndiwasimbire za Namkanda, ndimawasimbira za ababa zija, za mkanda wa m'mpendero ndi kiyi wa phiri. Ndikafika pachitseko ndimaima. Amati, "Agogo, ndiye kenako?" Ndimawauza kuti mwini wake anati adzakonza.