Kabokosi kamene kanameza zithunzi za achimwene

Lachiwiri lapitali alamu anga, a NyaGondwe, anandiimbira foni ndili kuntchito. Sanayambe n'komwe ndi moni.

"Alamu, kabokosi kanu kaja kakukana. Mukaweruka mudzere kuno ku Area 25."

Kabokosi kanga. Sanalakwitse kutero, chifukwa amene anakasankha ndine.

Ndifotokoze kaye. Achimwene anga, amuna a mayiwa, anatisiya chaka chatha. Ntchito yawo inali yojambula zithunzi: maukwati ku Kawale, zinkhoswe ku Biwi, ana obatizidwa, makwaya. Zonsezo, pamodzi ndi zithunzi za banja lawo, zinali mu laputopu yakale imene inkatentha ngati nsimbi yamakala. Itayamba kumazima yokha, ndinauza alamu kuti tisamutse zonse zinthu zisanaipe. Pabanja pathu ine ndi amene ndimatchedwa katswiri wa makompyuta, chifukwa chakuti ndimalemba munyuzipepala basi.

Ndiye ndinapita m'tauni kukagula SSD. Kwa amene simukadziwa, ndi kachipangizo kosungiramo za pakompyuta, kochepa ngati bokosi la machesi. M'kati mwake mulibe chozungulira ngati mahadi draivi akale aja, choncho sikaopa mabampu a minibasi.

Ndinalowa m'shopu ina ndili ndi mafunso atatu: kodi kamathamanga, kodi n'kolimba, kodi mtengo wake ukugwirizana ndi ntchito yake? Wogulitsa anandiyalira tiwiri. Koyamba kanali kokutidwa ndi labala, malo ake ochepa, koma mtengo wake ngati lendi ya mwezi ku Area 23 kumene ndimakhala. Kachiwiri kanali konyezimira, pabokosi atalemba 2TB, malo okwanira malaputopu angapo, mtengo wake wosafika ndi theka la koyamba kaja.

"Bwanji n'kotchipa chonchi?" ndinafunsa.

"Bwana, n'koorijino aka. Kungoti kabwera panjira yachidule."

Anakalumikiza pakompyuta yake n'kuponyamo nyimbo imodzi. Inalowa ndisanaphethire. Kenako anakagwetsa dala pakauntala, n'kukalumikizanso, nyimbo ija n'kulira bwinobwino. Liwiro ndaliona, kulimba ndakuona, mtengo ukundisekerera. Inu mukanatani?

Loweruka lake ndinapita kwa alamu kukasamutsa zithunzi. Poyamba zinkathamanga, kenako zinayamba kukwawa mpaka tsiku lonse linathera pamenepo. Ndinanamizira ukalamba wa laputopu. Zitatha ndinaona mayina a mafoda onse ali ndandanda, ndinatsegula zithunzi ziwiri zapamwamba, zinatseguka.

"Zonse zalowa, alamu. Musadenso nkhawa."

Chifukwa cha mawu angawo, laputopu ija anakaikonzetsa, anafufuta zonse, n'kuipatsa mwana wawo Tiwonge kuti azigwiritsa ntchito kukoleji. Kabokosi anakakulunga m'mpango n'kukasunga m'sutikesi momwe muli baibulo la malemu.

Tsopano Tiwonge ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa. Ankafuna chithunzi chimene anajambulitsa ndi bambo ake tsiku limene anasankhidwa kupita kusekondale, kuti achitsukitse n'kudzachiika pathebulo lapatsogolo. Nditafika Lachiwiri lija ndinamupeza atakhala pakhonde, laputopu ili pamiyendo. M'kabokosi muja mayina onse analipo. Koma chithunzi chilichonse cha banja chimene ankadina, kompyuta inkangoti sichingatseguke.

Lachitatu ndinapita nako ku Biwi kwa a Mbewe, bambo amene akhala akukonza makompyuta kwa zaka zambiri. Anakayeza m'dzanja, anapukusa mutu, n'kukakanula ndi kasikuludilaiva. M'kati munali kamemori khadi konga kamufoni, komatidwa ndi guluu. Pambali pake anamatapo kachitsulo kuti kabokosiko kazilemera ngati kenikeni.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Achimwene," anatero a Mbewe, "aka anakaphunzitsa kunama. Kamauza kompyuta kuti kali ndi malo ambiri pamene n'kamphika kakang'ono. Kakadzaza sikakana ayi. Kamalandirabe, n'kumalemba dzina lokha, chinthucho n'kutaya."

"Palibe chimene mungapulumutse?"

"Zimene zinalowa poyamba zokha."

Kompyuta inasamutsa mafoda motsata malembo, kuyambira pa A. Zimene zinapulumuka ndi zithunzi za ukwati wa anthu ena a ku Chinsapo amene sitiwadziwa n'komwe. Foda ya banja lawo achimwene anaitcha "Zathu". A Mbewe anayesanso kufufuza mu laputopu muja, koma miyezi yapita yambiri, ndipo za kukoleji za Tiwonge zinapondereza kalekale.

Mudziwe kuti wojambula saoneka kawirikawiri pazithunzi, nthawi zonse amakhala kumbuyo kwa kamera. Zochepa zimene achimwene anaonekapo zinali mmenemo.

Madzulo ake ndinakawauza alamu ndi Tiwonge. Tiwonge anangofunsa kuti, "Bambo aang'ono, olo chimodzi?" Alamu anati, "Basi alamu, madzi akatayika saoleka. Munkafuna kutithandiza." Bola akanandikalipira.

Tsopano ndadziwa mmene SSD amaiyesera, ngakhale nzeru zake zandipeza mochedwa. Liwiro osaliyesa ndi nyimbo imodzi. Ponyanimo foda yaikulu, muone ngati pakapita mphindi zingapo sikayamba kupuma wefuwefu. Malo ake muwayese podzaza zinthu zambiri, n'kukachotsa, n'kukalumikizanso, n'kutsegula zimene zalowa pomalizira, osati zapamwamba ngati mmene ndinachitira ine. Kulimba si kugwa pakauntala, ndi kudzakubwezerani zanu pakatha chaka. Mtengo ukatsika mpaka kukudabwitsani, dabwani ndithu n'kutuluka. Ndipo musafufute kumene mwachotsa musanasunge pena pachiwiri.

Malangizo abwino, eti? Koma ndikuwapereka kwa yani? Pena pachiwiri ndiye kuti tiwiri, pamene ambirife ngakhale kamodzi kenikeni sitingakafikire.

Ndipo si makompyuta okha. Chaja ya foni imatha sabata isanathe. Mbewu yachimanga imakhala yamunkhokwe yopaka utoto. Fetereza amabwera ndi mchenga wake. Tazolowera mpaka tinasiya kukwiya. Wina akapusitsidwa timamuseka kuti wagwa nayo, timadzudzula wogula kuti amakonda zotchipa, ngati kuti umphawi anachita kuusankha pashelefu. Wogulitsa bodza timamutcha wochangamuka.

Lachinayi ndinabwerera kushopu kuja ndi kabokosi kokanula kaja m'thumba. Ndinakaika pakauntala. Wogulitsa anakayang'ana ngati akuona mwana wa eni.

"Bwana, nanenso ndimaoda choncho. M'katimo sindilowamo ine."

Kumbuyo kwake tinzake tinali titapachikidwa mzere wonse, tikunyezimira. Pambali panga panali mayi wina, mphunzitsi, amene ankafuna posungira mayeso ndi malikisi a ana a kalasi yake. Anali atagwira kale kamodzi. Ndinamuonetsa kamemori khadi kaja ndi kachitsulo kake, n'kumufotokozera zonse, mpaka za foda ija. Anamvetsera mwachifundo. Anafunsa mtengo wa kalabala kaja, wogulitsa anamuuza, ndipo mayiyo anaseka pang'ono.

"Pepani kwambiri, abambo. Koma nanga inayo ndiikwanitsa? Mwina kangaka kakhala bwino."

Analipira, anaika m'chikwama, natuluka. Sindinathe kumuimba mlandu. Anaona bodzalo ndi maso ake, m'manja mwanga, koma analigulabe chifukwa choona chinali pashelefu yapamwamba pamene dzanja lake silifika.

Ndiye ndikufunseni, abale anga: mzinda umene munthu amagula bodza akulidziwa, n'kumangopemphera kuti bodza lakelo likhale lachifundo, tidzasunga chiyani chimene ana athu adzachipeze?